Kutchuna majeti a kabuleta ya njinga yamoto pogwiritsa ntchito sensa ya mpweya ndi mafuta

Amakaniko ambiri kuno ku Mangochi amatchuna kabuleta pomvetsera kulira kwa injini, kenako amamasula pulagi kuti aone ngati yada kapena yayera. Njira imeneyi yayendetsa njinga zambiri ndipo sindikuinyoza, koma pulagi imangofotokoza za ulendo wonse pamodzi, siinena ngati vuto lili pa moto wochepa kapena pa moto wonse. Sensa ya wideband, imene imamangidwa pa ekizosi n'kumaonetsa nambala pa geji, imakuuzani nthawi yomweyo kuchuluka kwa mpweya poyerekeza ndi mafuta amene injini ikuwotcha, ndipo mwini galaja amene angaigule angatchune nayo njinga zambiri za kabaza.

Petulo amapsa bwinobwino, osatsala mafuta kapena mpweya, akasakanizidwa kilogalamu imodzi ndi makilogalamu 14.7 a mpweya. Nambala ikatsika, monga 12, ndiye kuti mafuta achuluka, ndipo ikakwera, monga 16, ndiye kuti mafuta achepa. Petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira m'chaka cha 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito, ndipo mafuta otere amafuna mpweya wocheperako pang'ono. Zimenezi zisakusokonezeni, chifukwa geji yoikidwa pa muyeso wa petulo imaonetsabe 14.7 pamene mafuta apsa ndendende, kaya muli ethanol kapena ayi.

Chimene ndikufuna kutsindika n'chakuti 14.7 si nambala yoti muziifunafuna pa njinga yozizidwa ndi mphepo. Injini yotereyi imadalira mafuta owonjezera pang'ono kuti pisitoni ndi mavavu zisatenthe mopitirira, makamaka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala pamene dzuwa la kunyanja kuno limaswa mtengo, njinga itanyamula munthu ndi dengu la usipa. Injini ikamalira yokha njinga itaima, nambala ikhale pakati pa 13 ndi 14. Poyenda mwachizolowezi ikhale pakati pa 13.5 ndi 14.2, pa moto wonse ikhale pakati pa 12.5 ndi 13. Ena amaika jeti (kabawuti ka bowo lodutsamo mafuta mu kabuleta) ya bowo laling'ono kwambiri pofuna kupulumutsa mafuta, ndipo ndimawamvetsa chifukwa petulo ndi wodula, koma ndalama zimene amapulumutsazo zimathera pa pisitoni yobooka ndi vavu yopsa.

Musanamange sensa, njinga ikhale yabwino kale. Tsukani kapena sinthani fyuluta ya mpweya, pakuti fumbi la m'misewu yathu ya dothi limaitseka msanga ndipo yotsekeka imachititsa kuti mafuta aoneke ochuluka. Onani mipata ya mavavu, pulagi, msinkhu wa mafuta m'kambale ka kabuleta, ndiponso labala yolumikiza kabuleta ndi injini ngati ilibe mng'alu.

Kumanga sensa ndiye ntchito yofuna kudekha. Sensa yofala ndi Bosch LSU 4.9, ndipo imalowa mu nati ya M18 x 1.5 imene wowotcherera ayenera kuiwotcherera pa paipi ya ekizosi, patsogolo pa sailensa koma osati pafupi kwambiri ndi mutu wa injini. Natiyo ikhale chakumtunda kapena cham'mbali mwa paipi, yopendeka madigiri osachepera 10 kuti mbali ya waya iloze m'mwamba, apo ayi madzi amene amapangika mu ekizosi yozizira amagwera pa sensa yotentha n'kuiswa. Musaiike kumapeto kwa ekizosi, chifukwa injini ya silinda imodzi imakoka mpweya wa panja pakati pa kuphulika kulikonse, ndipo geji idzakunamizani kuti mafuta achepa. Bodza lomweli limabwera ngati gasiketi ya ekizosi ikutaya, kapena ngati njingayo ili ndi kavavu kolowetsa mpweya mu ekizosi pofuna kuchepetsa utsi. Kameneka katsekeni pa nthawi yoyeza yokha. Ndaonapo munthu akukulitsa jeti kawiri konse potsatira geji, chonsecho vuto linali kabowo kakang'ono pamene anawotcherera. Sensa imafuna magetsi a 12 V kuti idzitenthetse, choncho batire ikhale yamphamvu. Pa injini ya two-stroke monga Yamaha DT, kapena iliyonse imene ikudya oyilo, sensa siikhalitsa.

Tsopano matani kapepala pa chogwirira chopatsira moto ndipo lembanipo zizindikiro zoonetsa kotala, theka, makotala atatu ndi moto wonse. Zizindikirozi n'zofunika chifukwa kabuleta imagawa ntchito molingana ndi mmene mwatsegulira moto, osati liwiro la njinga. Jeti yaing'ono, ya pailoti, pamodzi ndi sikuluu yake zimalamulira kuyambira pamene injini ikulira yokha kufika pa kotala. Singano imalamulira kuyambira pa kotala kufika pa makotala atatu. Jeti yaikulu imatenga mbali yotsalayo. Mangani foni pa handulo kuti izijambula geji ndi zizindikirozo pamodzi, kuti maso anu akhale pa msewu, chifukwa mbuzi, ana ndi njinga zakapalasa sizidikira kuti mumalize kuwerenga.

Yendani mphindi khumi kapena kuposerapo kuti injini itenthe, choko isakugwira ntchito, ndipo yambani ndi jeti yaikulu. Sankhani malo owongoka opanda anthu ambiri, makamaka okwera pang'ono, ikani giya yapamwamba, tsegulani moto wonse kwa masekondi angapo. Nambala ikapitirira 13.5 bwezani moto nthawi yomweyo n'kukaika jeti yaikulupo ndi sitepe imodzi. Ikatsika pansi pa 12, ikani yocheperapo. Kumbukirani kuti manambala a majeti a kampani ya Keihin ndi a kampani ya Mikuni safanana, ndipo majeti otchipa opanda dzina nthawi zina amakhala ndi bowo losagwirizana ndi nambala yolembedwapo. Jeti yokulitsidwa ndi waya itayeni.

Jeti yaikulu ikakhazikika, pitani ku singano, ndipo apa mpamene njinga ya kabaza imathera tsiku lake lonse, kotero ndi pamenepa pamene mafuta amapulumuka kapena kuwonongeka. Gwirani moto pa theka osasuntha mpaka nambala ikhazikike. Kutsitsa kilipi ya pa singano kupita pa mzera wa m'munsi kumakweza singano n'kuchulukitsa mafuta, pamene kukweza kilipi kumachepetsa mafuta. Singano zina zilibe mizera, ndipo zimenezo zimakwezedwa poika kawashala kopyapyala pansi pa mutu wake. Musadandaule ndi nambala zimene zimalumpha potsegula kapena potseka moto mwadzidzidzi. Khulupirirani zokhazikika zokha.

Malizani ndi sikuluu ya pailoti. Ngati ili kumbali ya fyuluta ndi ya mpweya, ndipo kuimanga kumachulukitsa mafuta. Ngati ili kumbali ya injini ndi ya mafuta, ndipo kuimasula ndiko kumachulukitsa mafuta. Ikafuna kumasulidwa kuposa maulendo atatu, sinthani jeti ya pailoti. Pa zonsezi sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi ndipo muzilemba m'kope zimene mwasintha ndi nambala imene mwapeza.

Boma la Mangochi lili pafupi mamita 480 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mpweya umapepuka ndi gawo limodzi mwa magawo 100 pa mamita 100 alionse amene mwakwera. Njinga yotchunidwa kuno ikawoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kukwera mapiri kupita ku Namwera idzaonetsa mafuta ochulukirapo pang'ono, zimene sizoopsa. Choopsa ndi njinga yochokera kumtunda monga ku Dedza, komwe n'kokwera pafupifupi mamita 1,600, chifukwa ikatsikira kunyanja kuno mafuta amachepa. Mpweya wozizira wa mu Juni ndi Julaye nawonso umachepetsa mafuta, choncho ngati mwatchuna m'chilimwe, bwezeretsani sensa nthawi ya mwera muonenso nambala ya pa moto wonse. Mukamaliza kuyeza, chotsani sensa ndipo tsekani bowolo ndi bawuti ya M18 yokhala ndi washala wa kopa.