Momwe mungathandizire mwana wolera wovuta kuti asalowerere m'makhalidwe oipa

Kuno ku Angónia, m'dziko la Mozambique, n'kovuta kupeza mudzi kapena bairo lomwe mulibe khomo lolera mwana wa eni. Ena makolo awo adamwalira, ena adatsala ndi agogo amene mphamvu zidawathera, ndipo ena adathawa nkhanza. Ine ndi bambo a kunyumba tikulera mnyamata amene tidamulandira kuno ku Ulongwe ali ndi zaka 11, atadutsa kale m'makomo atatu, ndipo konseko adachoka ndi mbiri yoti ndi wakuba komanso wosamva. Lero ali ndi zaka 16 ndipo akadali pasukulu. Amayi anzanga a kumphakati akhala akundifunsa momwe tidachitira, choncho ndalemba ndondomeko yomwe ndingatsate nditati ndiyambirenso, pamodzi ndi pomwe ndidalakwitsa kwambiri.

Choyamba, konzani mapepala mwana asanazolowere n'komwe pakhomo. Dziwitsani mkulu wa nyumba khumi, sekeretale wa bairo kapena amfumu, kenako pitani kwa a Acção Social a m'boma lanu, amene amapezeka mu ofesi yoona za umoyo, amayi ndi chisamaliro cha anthu. Lamulo la mabanja la dziko lathu lino limazindikira banja lolandira mwana, lomwe m'Chipwitikizi amati família de acolhimento, ndipo amene amatsimikiza ndi khoti, a Acção Social akabwera kudzaona pakhomo panu. Ambiri amaona ngati zimenezi n'zotaya nthawi poti mwanayo adachita kupatsidwa ndi amalume ake pamaliro, koma tsiku lomwe mwanayo adzapalamule, funso loyamba lidzakhala lakuti inuyo ndinu ndani wake. Ngati alibe cédula, lomwe ndi pepala losonyeza kubadwa kwake, mulembetseni ku Registo Civil, ofesi yolembetsa ana obadwa, chifukwa popanda pepala limeneli mudzavutika pa nthawi ya mayeso. Ndikuchenjezeni za anyamata amene amakutsatirani pamsewu n'kumati akutulutsirani mapepala msanga mukawapatsa kenakake. Wina adanditchulira mametikali 1,500, ndipo mnzanga amene adalipira adangotaya ndalama, pepala osaliona. Lowani nokha mu ofesi, funsani mtengo kwa ogwira ntchito, ndipo mulandire lisiti. Ngati zinthu zikuvuta pakhomo, pemphani kwa a bairo kalata yotsimikiza umphawi, ndipo funsani kwa a INAS, bungwe la boma lothandiza anthu ovutika, ngati mwanayo akuyenera thandizo, koma musamutenge mwana chifukwa choyembekezera thandizolo.

Chachiwiri, fufuzani mbiri yake kwa anthu osiyanasiyana, osati kwa okhawo amene adatopa naye. Amene akukutulirani mwana amakuuzani zomwe adaba, koma sakuuzani masiku omwe adagona ndi njala. Ine ndidakwera njinga yamoto kukaonana ndi agogo ena oyandikana ndi komwe ankakhala, ndipo ndi iwo amene adandiuza kuti pakhomo lachiwiri mnyamatayu ankadya yekha kuseri kwa nkhokwe anzake akamaliza, komanso kuti nthawi yosoka fodya sankapita kusukulu. Mwanayo musamupanikize ndi mafunso. Adzayankhula yekha, kawirikawiri muli pantchito ina monga kutong'ola chimanga, pamene simukuyang'anana m'maso.

Chachitatu, m'patseni malo ake enieni m'nyumba. Akhale ndi mphasa yake, bulangete lake, mbale yofanana ndi ya anzake, ndi kabokosi kapena chikwama chomwe wina aliyense satsegula. Kuno kuzizira kwa Juni ndi Julayi kumalowa m'mafupa, ndipo mwana amene akufunda chiguduli pomwe ana anu akufunda mabulangete safunika kuuzidwa kuti ndi mlendo. Ntchito zapakhomo muzigawe poyera, ana onse ali pomwepo, kuti asakhale iye yekha wotunga madzi ndi kudyetsa mbuzi. Malamulo akhale ochepa oti angawakumbukire. Ife tidaika atatu okha: kufika pakhomo dzuwa lisanalowe, kunena komwe ukupita, ndi kupempha m'malo motenga. Musamukakamize kukuitanani kuti amayi kapena abambo. Wathuyu adatha chaka ndi theka akunditi azakhali, ndipo sindidamuletse.

Chachinayi ndi chomwe ndikufuna tikhalepo nthawi, chifukwa apa ndi pamene ndidatsala pang'ono kumutaya. Konzekerani tsiku lomwe adzakubereni, pakuti mwana amene wazunzika nthawi yaitali kawirikawiri amadzatero, ngakhale mutamusamala bwanji.

Kwa ife zidachitika m'mwezi wachitatu. Ndimagulitsa kachewere pamsika, ndipo tsiku lina madzulo ndidapeza kuti pa ndalama zomwe ndidamanga pansalu pasowa mametikali 200. Nditasanthula pogona pake ndidapeza ndalama zotsala, mabanzi awiri ouma, ndi mkute wokulunga m'pepala womwe udayamba kale kununkha. Mtima udandiwawa chifukwa ndinkadziwa kuti sitidamumanepo chakudya. Ndidamukokera pabwalo, anthu oyandikana nafe akuona, ndidamukwapula, ndipo ndidanena mawu omwe mpaka lero ndimanong'oneza nawo bondo, akuti ngati khalidwe lake ndi limenelo abwerere komwe adachokera. Iye sadalire ndipo sadayankhe kanthu. M'mawa kutacha tidapeza bulangete lopindidwa bwino pamphasa, mwini wake palibe.

Tidamufuna masiku asanu ndi anayi. Bambo a kunyumba adazungulira misika yonse yapafupi, tidakanena kupolisi, ndipo pomaliza woyendetsa njinga yamoto wina adatiuza kuti wamuona ku Calómuè, kumalire ndi Dedza, akunyamula matumba pamodzi ndi anyamata akuluakulu amene amagona m'makhonde a masitolo. M'masiku ochepawo anali atalawa kale kachasu ndi chamba, ndipo anyamatawo anali atayamba kumutuma kukasolola m'matumba a anthu, poti mwana wamng'ono sakayikiridwa. Apa mpamene ndidaona ndi maso anga momwe mwana amalowera m'gulu la akuba. Sikuti amakopeka ndi kubako. Amapita komwe wauzidwa kuti pali malo ake, ndipo anyamata aja adamuuza zimenezo tsiku lomwelo lomwe ine ndidamuuza kuti kwathu malo ake atha.

Mayi wina wa Acção Social amene adatithandiza pambuyo pake adandifotokozera zomwe sindinkazidziwa. Mwana amene adakhalapo ndi njala amabisa chakudya ngakhale akukhuta, chifukwa mtima wake sunakhulupirire kuti mawa kudzaphikidwanso. Ndipo mwana amene wathamangitsidwa katatu amakhala akudikira ulendo wachinayi, moti nthawi zina amalakwa dala kuti aone ngati inunso muli ngati enawo. Ine ndidamuyankha ndendende monga ankayembekezera.

Tsono zikakuchitikirani, chitani motere. Musaweruze mlandu tsiku lomwelo mtima uli m'mwamba, ndipo musaitane anthu. Dikirani kuche, mukhale naye awiri kapena atatu m'nyumba, ndipo mawu oyamba akhale omutsimikizira kuti pakhomo pano sachoka. Mukatero muuzeni mosabisa kuti mukudziwa zomwe watenga, osamufunsa ngati watenga, chifukwa funso lotero limangomukankhira ku bodza, n'kukhala milandu iwiri. Kenako gwirizanani momwe abwezere. Wathuyu adabweza ndalama ija pondithandiza kusankha kachewere Loweruka lililonse kwa mwezi umodzi, ndipo tinkalemba m'kope zomwe wabweza mpaka ngongole idatha, ndipo itatha sitidaitchulenso. Ngati waba kwa anansi, pitani naye limodzi akabweze ndi kupepesa, inu mutaima pambali pake. Chilango chikhalepo ndithu, monga kumuletsa kupita kumpira sabata imodzi, koma pali zinthu zitatu zomwe simuyenera kuzigwiritsa ntchito polanga: chakudya, pogona, ndi kumuopseza kuti mumubweza. Za mkwapulo ndinene zomwe ndidaona, kuti mwana amene wamenyedwa kuyambira ali wamng'ono saopanso ndodo, ndipo imangomuphunzitsa kubisa bwino. Nkhani yobisa chakudya tidaithetsa poika dengu la mbatata yophika ndi nthochi pamalo pomwe mwana aliyense angatenge osapempha, ndipo patatha miyezi ingapo mkute wa pansi pa mphasa udatha wokha. Ndalama zanunso musamaziike poonekera, pakuti kutero ndi kumutchera msampha.

Pa nthawi ngati imeneyi mudzamva malangizo ambiri. Ena adzakuuzani za asing'anga amene amati ali ndi mankhwala omangira manja a mwana wakuba. Wina adandiuza kuti ndibweretse nkhuku ndi mametikali 500. Sindidapite, ndipo inunso ndikukupemphani kuti musapite, chifukwa kupatula kutaya ndalama, mwanayo amatuluka kumeneko atakhulupirira kuti ali ndi chiwanda ndipo sangasinthe. Choopsa kwambiri ndi kulola kuti anthu ayambe kumunena za ufiti, pakuti dzina limenelo likamumatirira pamudzi silichoka.

Chachisanu, gwirani sukulu ndi manja awiri. Lamulo la maphunziro la chaka cha 2018 lidakhazikitsa kuti mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9, ndipo m'sukulu za boma kulembetsa m'makalasi amenewa n'kwaulere, choncho wina asakunamizeni kuti pakufunika ndalama yogulira malo. Kaonaneni ndi mphunzitsi wa kalasi yake chaka chikangoyamba, mupatsane manambala a foni, ndipo mumupemphe kuti akuimbireni tsiku lomwelo mwana akajomba, osadikira kutha kwa teremu. Simuyenera kuulula mbiri yonse ya mwanayo, nenani zokhazo zothandiza. Ana ambiri otere amakhala atatsalira m'mbuyo, ndipo chomwe chimawathawitsa ndi manyazi okhala ndi ana aang'ono komanso kulephera Chipwitikizi. Ife tidapempha mtsikana wa kusekondale woyandikana nafe kuti aziwerenga naye madzulo katatu pa sabata, ndipo tinkamuthokoza ndi ndowa ya kachewere pamwezi. Yunifolomu ndi bwino kugula nsalu n'kukasoketsa kwa telala wodziwika, chifukwa zosokeratu zina za pamsika zimasosoka musanachape kachitatu.

Chachisanu ndi chimodzi, tsekani mpata wa maola omwe sali kusukulu. Popeza ana ena amaphunzira m'mawa ndipo ena masana, theka la tsiku limakhala lopanda womuyang'anira, ndipo ndi nthawi imeneyi pomwe amapita kokaonera mavidiyo, kumabaraka a mowa, kapena koima malole. Kwa a ku Zóbuè ndi ku Moatize msewu waukulu ndiwo chiyeso, pomwe kwa a ku Macanga ndi Chifunde ndi migodi ya golide yomwe imakoka anyamata. M'pezereni timu ya mpira yokhala ndi munthu wamkulu woiyang'anira, kwaya, kapena mmisiri woti azimuphunzitsa ukalipentala kapena kukonza njinga. Wathuyu tidamupatsa mizere inayi kudimba ndi nkhuku ziwiri, zogulitsa zake n'kukhala zake, ndipo atayamba kugwira ndalama yakeyake chidwi ndi ndalama za eni chidachepa. Anzake aitaneni adzadye pakhomo kuti muwadziwe, chifukwa kungomuletsa kucheza nawo sikuthandiza.

Chachisanu ndi chiwiri, musamudule kwa abale ake ngati kulibe choopsa. Apite kukaona agogo ndi amalume, akaone manda a makolo ake, ndipo musanyoze abalewo iye akumva. Ngati ndi mtsikana, khalani tcheru ndi achibale amene amabwera ndi nkhani ya ukwati, pakuti lamulo la chaka cha 2019 limaletsa kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18.

Pomaliza, dziwani kothamangira zikakula. Nambala ya 116, ya Linha Fala Criança, foni yothandiza ana amene ali pamavuto, ndi yaulere, ndipo mwana kapena wamkulu angathe kuimba. Kupolisi kuli ofesi yapadera yoona za mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza. Mwana wosakwana zaka 16 akapalamula saweruzidwa ngati munthu wamkulu, nkhani yake imayenda mwa malamulo oteteza ana, choncho pitani naye limodzi, tengani cédula yake, ndipo dziwitsani a Acção Social tsiku lomwelo. Akayamba kunena zodzipha, kapena mowa ndi chamba zikamugwira moti sangathe kusiya yekha, pitani naye kuchipatala cha boma mukafunse ogwira ntchito za matenda a maganizo, osadikira kuti mwezi uthe.