Musanamange fensi pamalire ndi aneba

Musanaitane abilidala, yambani mwapeza mabikoni a puloti yanu, zizindikiro zokhazikidwa pansi zosonyeza malire. Ngati anazuka kapena anakwiririka, musamangoloza ndi chala kuti malire ndi pamtengo wa mango uja ayi, itanani saveya adzayeze potsata mapepala a malo, aneba ali pomwepo akuona. Kenako pulani ipite ku Blantyre City Council, chifukwa chomanga popanda chilolezo khonsolo ili ndi mphamvu yochigwetsa, simenti yanu n'kupita pachabe.

Nkhani yaikulu kuno ndi madzi. Madera ngati Ndirande, Chilobwe ndi Bangwe ndi otsetsereka, ndiye inu mukamanga fensi n'kutseka njira ya madzi, kapena malata anu akuthira m'bwalo la aneba, kapena mwakumba fandeshoni mpaka khoma lawo layamba ming'alu, mlandu ndi wanu ndithu ndipo akhoza kukutengerani kukhoti kuti mulipire. Siyani mabowo pansi pa fensi, kumbani ngalande, madzi apeze kolowera.

Khoma likakhala la nonse musalikweze kapena kutsamiritsapo chimbudzi musanawafunse. Khalani pansi mugwirizane za njerwa komanso wokonza likadzagwa, mulembe, musainirane pamaso pa amfumu. Jambulaninso zithunzi za khomalo ntchito isanayambe.