Mukapita ku Mosi-oa-Tunya, foni iyambe yadikira m'chikwama

Ulendo wanga woyamba wa ku Livingstone kukaona mathithi a Mosi-oa-Tunya (Victoria Falls) ndinabwerako foni itadzaza ndi zithunzi. Nditafika kwathu ku Chilenje, amayi anangondifunsa kuti, "Nanga madziwo amamveka bwanji, mwana wanga?" Ndinasowa choyankha. Pamathithipo ndinaimadi, koma makutu ndi mtima zinali kwina. Zinandipweteka, ndipo kuyambira pamenepo ndinasintha kayendedwe kanga.

Yambirani pa Intercity pomwepo, pokwerera mabasi mu Lusaka. Pamakhala phokoso, anyamata oitanira mabasi akukukokerani uku ndi uku, inu mtima uli pa katundu. Mukakhala pampando, pondani mapazi onse pansi, mukoke mpweya pang'onopang'ono kasanu musanagwire china chilichonse. Zikuoneka zazing'ono, koma mpamene maganizo amasiya za lendi ndi za kuntchito n'kukwera nanu basi. Auzeni akunyumba kuti mwanyamuka, kenako tsekani intaneti.

Msewuwu ndi wa makilomita pafupifupi 470, ndipo ambiri amangogona. Ine ndimalawirira kuti ndipeze mpando wa pawindo. Mukawoloka mtsinje wa Kafue basi imayamba kukwera mapiri a Munali, ndipo mukayandikira Mazabuka minda ya nzimbe imangoti biriwiri mpaka pamene maso alekezera. Ku Monze ndi ku Choma tcherani khutu ku Chitonga cha amayi ogulitsa malonda. Phunziranipo moni ngakhale umodzi. "Mwabuka buti?" ndi moni wa m'mawa, ndipo mukaunena muyang'ane nkhope ya munthu amene mukumupatsa moniyo, osati nthochi zake zokha.

Pamathithi penipeni mpamene pali nkhani. Ndi otambalala mamita oposa 1,700, ndipo pozama kwambiri madzi amagwa mamita 108. Palibe foni imene ingatenge zonsezi. Ndiye ikulungeni m'pulasitiki, muiike m'chikwama, mudzipatse mphindi khumi musanajambule chilichonse. Mukapita mu Epulo madzi ali ochuluka, pa mlatho wa Knife Edge mumanyowa ngati mwagwidwa ndi mvula ya m'Januwale. Musathamange kuti muwoloke msanga. Gwirani chitsulo cha m'mbali ndi manja onse chifukwa pansi pamaterera, muime, mutsinzine kwa kanthawi. Mkokomowo sumvekera m'makutu mokha, umagunda m'chifuwa ndi m'mapazi. Madontho ena amakugwerani kuchokera kumwamba, ena amakwera kuchokera m'phompho n'kukumenyani pachibwano, ozizira. Mukatsegula maso mupeza utawaleza uli pafupi, m'munsi mwanu. David Livingstone anafika pano mu Novembala 1855 n'kupatsa mathithiwa dzina la mfumukazi ya kwawo, koma eni dera anali atawatcha kale Mosi-oa-Tunya, utsi umene umagunda. Dzinalo ndimalikonda chifukwa anatcha ndi anthu amene anaima n'kuyang'ana, n'kumvetsera.

Maganizo adzathawa ndithu. Mudzapezeka mukuwerengera ndalama ya basi yobwerera, kapena kuganiza mawu oti mulembe pa Facebook. Musadzikalipire. Ingotchulani chamumtima chinthu chimodzi chimene mukuona, chimodzi chimene mukumva, ndi chimodzi chimene chikukhudza khungu lanu, mubwerera. Kukhala tcheru kotere kumatetezanso, paja anyani a pamenepo amalanda chakudya m'manja mwa munthu amene maso ali pafoni. Mphindi khumi zija zikatha, jambulani zithunzi zochepa zimene mwasankha ndi mtima. Madzulo lembani m'kabuku zimene kamera sinatenge, monga fungo la nkhalango yonyowa ija.

Simufunika kudikira ndalama ya ku Livingstone kuti muyambe. Ine ndinaphunzirira mu Lusaka momwe muno. Ku Chilenje House 394, kumene a Kenneth Kaunda ankakhala kuyambira 1960 mpaka 1962, ndinali nditadutsapo zaka zambiri osalowa. Lowani, muime m'chipinda chimodzi osalankhula, muone kuchepa kwake, muganizire banja lonse likugona m'menemo kwinaku nkhani za ufulu wa dziko zikukambidwa. Loweruka lina pitani ku Kabwata Cultural Village pa Burma Road. Musafulumire kufunsa kuti ndi zingati. Khalani pansi pafupi ndi bambo wosema, mupereke moni, muone mmene akugwirira kasemasema ndi mmene zipalapala zikugwera pamapazi pake. Afunseni kuti, "Bambo, mtengo umenewu ndi wanji, ndipo munautenga kuti?" Akati ndi mukwa, umene ife timati mlombwa, pemphani kachidutswa kongosemedwa kumene mukanunkhize. Za ndalama mukambirane pambuyo pake.