Kuyesa ma engine a chess pa kompyuta imodzi mopanda kukondera

Mwafunsa kuti Stockfish ndi engine ina (mapulogalamu osewera chess) asewere bwanji mwachilungamo pa kompyuta imodzi. Choyamba zimitsani ponder, iyi ndiye imaononga zinthu kwambiri chifukwa engine imaganizabe pa nthawi ya inzake ndiye imailanda CPU, zotsatira zake simungazikhulupirire. Kenako onse apatseni hash (memory yomwe engine imasungiramo zomwe yawerengera kale) yofanana, tinene 128 MB, ma thread (mbali za CPU zomwe engine imagwiritsa ntchito) ofanana, nthawinso chimodzimodzi. Tsekani browser ndi zina zonse zikudya memory.

Opening iliyonse iseweredwe kawiri, uyu white kenako black, mu Cute Chess, pulogalamu yoseweretsa ma engine, kuli option yake. Magemu oyenda nthawi imodzi asapose ma core a CPU yanu. Syzygy (ma file a mayankho a kumapeto kwa gemu) apatseni onse kapena osapatsa aliyense. Ndipo chonde magemu 20 ndi ochepa zedi, pangani mazana angapo.