Kulimbitsana mtima pakati pa apolisi ngozi ikagwa: zomwe ndinatola m'matope a ku Chilobwe

Lolemba pa 13 Malichi 2023, kunja kusanayere bwino, tinaitanidwa kuti tithamangire ku Chilobwe. Mvula ya namondwe wa Freddy inali itagwa osaleka, ndipo usikuwo matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba, eni ake ali m'tulo. Agogo ena omwe tinawapeza atakhala m'mbali mwa msewu, chitenje chili chonyowa, ankangobwereza mawu amodzi: "Napolo wadutsa, ana anga." Ine ndinali nditagwira upolisi zaka 15. Ndinatolapo mitembo pa ngozi za pamsewu, ndinaimapo kutsogolo kwa khamu lolusa pa zionetsero za 2019. Koma tsiku limenelo chondidya mumtima chinali china. Mkazi wanga ndi ana atatu ndinawasiya m'nyumba ya lendi ku Bangwe, magetsi anali atazima, ndipo foni yake sinkapezeka. Manja ankakumba ku Chilobwe, mtima uli ku Bangwe.

Ndikulembera inu anzanga, makamaka amene mwangotuluka kumene ku sukulu ya apolisi ya ku Kanjedza. Tsiku ngati limeneli lidzakupezani, kaya ndi madzi osefukira, moto kapena chipolowe. Nkhawa idzabwera ndithu, ndipo munthu saithetsa pongoiuza kuti ichoke. Chimene gulu lingachite ndi kugawana nkhawayo, aliyense n'kusenza kagawo komwe angakwanitse.

Musanatsike m'galimoto, werenganani. A Sajeni athu anatitchula mayina mmodzimmodzi, kenako anatiika awiriawiri. Lamulo linali limodzi: usapite pomwe mnzako sakukuona. Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Ubwino wake ndinauona tili kale m'matope ofika m'mawondo. Sindinkayenera kudera nkhawa gulu lonse. Maso anga anali pa munthu mmodzi, ndipo ndinkadziwa kuti nane alipo wondiyang'ana. Mukamagawana chonchi, watsopano muikeni ndi wakale, ndipo amene abale ake amakhala dera lomwe lagwa ngozilo musamusiye ndi mnzake wa vuto lomwelo.

Tsopano nkhani ya kunyumba, yomwe kwa ine ndiye yaikulu kuposa zonse.

Wapolisi amene sakudziwa ngati ana ake ali moyo amagwira ntchito ndi theka la mutu. Amatulutsa foni pafupipafupi ndi manja amatope, amaimba, imakana, amaimbanso, batire n'kutha. Pamenepo ndi pomwe amaponda pa khoma losweka kapena kuiwala kuyang'ana kumtunda. Ife tinachita chonchi, ndipo ndikupemphani muzichita zomwezo. Tinasankha munthu mmodzi, konsitebulo yemwe kwawo kunali ku Mzimba ndipo analibe banja m'tauni, kuti akhale wonyamula mauthenga. Aliyense analemba m'kabuku kake ka m'thumba dzina, nambala ya kunyumba, ndi nambala ina ya mneba kapena ya mkulu wa mpingo. Iye anatsala pa galimoto, pomwe ankatha kutchaja foni, n'kumayesa manambalawo motsatana. Netiweki ikakhala yofooka, meseji wamba imadutsa msanga kusiyana ndi kuimba, choncho ankayamba ndi meseji yaifupi: muli kuti, mulipo angati?

Wonyamula mauthengayu mumuuze zinthu ziwiri. Choyamba, asanene kuti "ali bwino" ngati sanamve ndi makutu ake. Bodza lotonthoza limatulukira, ndipo likatulukira palibenso amene adzakhulupirire uthenga wake tsiku lonselo. Ngati sanawapeze, anene zoona: "Sindinawapeze, ndiyesanso ikakwana 10 koloko." Nthawi yotchulidwayo imathandiza, chifukwa mtima umapeza pomangirira chiyembekezo. Chachiwiri, uthenga woipa usadutse pa wailesi yolumikizirana apolisi kapena kufuulidwa pagulu. Auze mkulu wa gulu, mkuluyo amutengere mwini nkhani pambali, amulande fosholo, ndipo amutumize kunyumba ndi mnzake womuperekeza. Asayende yekha, asayendetsenso galimoto.

Ine uthenga wanga unafika cha m'ma 11 koloko. Mnyamata uja anatsetsereka m'matope mpaka pomwe ndinali, n'kunena kuti, "Bwana, ndalankhula ndi aneba anu. Madzi alowa m'nyumba, koma mayi ndi ana ali ku tchalitchi, onse anayi." Mawu oti onse anayi ndimawamvabe mpaka lero. Miyendo inayamba kunjenjemera pomwepo, moti ndinakhala kaye pa mwala. Mukamapereka uthenga wabwino, tchulani chiwerengero ndi malo monga anachitira iyeyu. Ndiye kuti munthu sadzatsalanso ndi funso.

Zina mwa izi zimakonzedwa mvula isanayambe. Mwezi wa Novembala khalani pansi ndi akunyumba, mugwirizane kothawira, kaya ndi kusukulu, kutchalitchi kapena kumzikiti komwe kuli pokwera. Sungani nambala ya mneba. Pawabanki izikhala yodzaza. A zanyengo akalengeza za namondwe, monga anachenjezera Freddy asanafike, banja lomwe lili m'tsinde mwa phiri kapena m'mbali mwa mtsinje lisamuke inu musanavale jombo. Anthu a ku Phalombe amakumbukira za 1991, pomwe madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi. Phiri likakhuta madzi silipereka nthawi yolongedza katundu.

Mafoni ena onse akhale m'thumba. Pa WhatsApp tsiku limenelo pankayenda makanema ochokera ku Mulanje, Chiradzulu ndi Phalombe, ena oona, ena akale, komanso mphekesera zoti phiri likugumukanso. Munthu akaonera zimenezo ali pakati pa ntchito, mtima umauluka. Mitembo ya anthu musaijambule; ali ndi abale omwe sanamvebe.

Koma mantha oti phiri ligumukanso anali ndi maziko, pakuti mvula inkagwabe. Mantha otere musawatsutse, apatseni mwini. Tinaimika munthu mmodzi pamalo okwera ndi wezulo, nkhope yake kuphiri, ntchito yake kuyang'ana ndi kumvetsera basi. Tinagwirizananso kothawira wezulo akalira: cham'mbali, osati kutsetsereka ndi njira ya madzi. Titatero, ena tonse tinatha kuwerama ndi kukumba popanda kucheukacheuka. Mlondayo muzimusintha, chifukwa maso amatopa.

Pa wailesi lankhulani mwachidule ndi modekha. Mawu a mkulu akamanjenjemera, gulu lonse limanjenjemera naye. Gwirizanani nthawi yoitanirana, mwina theka la ola lililonse. Mnzanu akapanda kuyankha, musathamangire konko nonse. Nthawi zambiri ndi batire kapena mvula yalowa m'wailesi. Apite awiri, anene njira yomwe adzere ndi nthawi yobwerera.

Thupi nalo lili ndi zake. Kunjenjemera manja, kuuma kukamwa, mtima kugunda ngati ng'oma, mseru: zonsezi zimagwira ngakhale msilikali wakalekale, ndipo si umboni wa mantha a chibwana. Zikakugwirani, imani, pondani pansi molimba, kokani mpweya pang'onopang'ono ndi mphuno, n'kuutulutsa motalikirapo kuposa mmene munaukokera. Chitani kangapo. Idyani chilichonse chomwe chilipo, ngakhale banzi kapena chimanga chootcha, chifukwa njala imakulitsa mkwiyo ndi mantha. Madzi akumwa akhale otetezedwa. Nthawi imeneyo kolera inali itapha kale anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndiye magulovesi ndi kusamba m'manja ndi sopo sizinali zosankha.

Ntchito yonyamula mitembo muzilandirana. Tinkathandizana ndi asilikali, a Red Cross ndi anyamata a m'deralo omwe anabwera ndi makasu awo, ndipo matupi ankapita nawo ku chipatala cha Gulupu. Palibe amene ayenera kukhala pa machira tsiku lonse. Mnzanga yemwe ndinaikidwa naye anafukula kamwana kovala juzi yofiira, msinkhu wofanana ndi mwana wake woyamba. Anangoima, fosholo ili m'manja, maso ali gwa, osamva ngakhale dzina lake. Wina kumbuyo anafuula kuti, "Limba mtima, mwamuna salira!" Mawu amenewa ine ndimadana nawo. Atseka pakamwa amuna ambiri omwe pambuyo pake timawapeza atamira m'mowa. Ndinamugwira paphewa, n'kumutchula dzina, n'kunena kuti, "Achimwene, tiyeni mukandithandize kutsitsa madzi m'galimoto." Tinayenda limodzi. Analira tili kuseri kwa galimoto, ine ndili chete pambali pake. Patapita kanthawi anapukuta nkhope n'kufunsa ngati angakhale kaye pa chingwe choletsa anthu kudutsa. A Sajeni anavomera osafunsa zambiri. Munthu akauma chonchi, mchotseni pamalopo, mpatseni kantchito kakang'ono kogwira ndi manja, ndipo musamukakamize kufotokoza.

Ntchito ikatha, musabalalike msanga. Werenganani kachiwiri, mayina onse. Khalani pansi ngakhale kwa mphindi 20 ndi tiyi, mukambe zomwe zachitika: tinafika nthawi yakuti, tinapulumutsa awa, awa sitinathe. Wofuna kulankhula alankhule, wosafuna angomvera. Amene amapemphera apemphere. Ife tinali a mipingo yosiyana, wina Msilamu, ndipo aliyense anapemphera mwa njira yake. Chomwe ndikukuletsani ndi kuthamangira ku bala usiku womwewo. Mowa umagonetsa msanga, koma umadzutsa munthu pakati pa usiku, zithunzi zija zili pompo.

Boma linalengeza masiku 14 olira maliro, ndipo anthu oposa 1,000 anataya miyoyo m'chigawo cha kummwera. Masiku olirawo atatha, ife nkhawa inali isanathe. Kwa masabata angapo fungo la dothi lonyowa linkanditembenuza m'mimba, ndipo mvula ikagunda pa malata ndinkadzuka kukawerenga ana. Zotere zimachitika, ndipo kwa ambiri zimazilala zokha. Koma mwezi ukadutsa mnzanu akulotabe zoopsa, sakugona, akupsa mtima ndi tinthu tating'ono, akumenya kunyumba, wayamba kubwera ku ntchito akununkha kachasu, kapena wasiya kucheza ndi anthu ku layini za apolisi, musadikire kuti abwere yekha. Sadzabwera. Mupiteni ndinu amene munali naye m'matope, chifukwa inu sangakuuzeni kuti simukudziwa. Alipo abusa a polisi, alipo anamwino ndi madokotala oona za maganizo m'zipatala za maboma, chiliponso chipatala cha Zomba Mental ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Akayamba kunena zoti bola kufa, mfunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha, musamusiye yekha, ndipo mkulu wanu adziwe tsiku lomwelo kuti asapatsidwe mfuti. Uko si kumuneneza.

Mnzanga uja amene anafukula kamwana ka juzi yofiira anakana kawiri kupita kuchipatala. Ulendo wachitatu sindinamufunsenso zambiri. Ndinafika pakhomo pake m'mawa, tonse titavala zakunyumba, n'kuwauza alamu kuti tikupita kukaonana ndi adokotala. Tinakwera minibasi, ndipo ndinakhala pa benchi panja mpaka anatuluka. Anapatsidwa tsiku lina lobwereranso, ndipo ndinalilemba m'kabuku kanga ka m'thumba, pansi pa nambala ya aneba ake.