Mmene mungadziwire mtunda umene ndege imayenda pakati pa mizinda iwiri

Musanayambe kuwerengera, dziwani kuti mtunda wa pandege suyezedwa ndi rula pa mapu a papepala. Dziko lapansi ndi lobulungira, ndipo mapu ambiri athyathyathya amakulitsa madera a kumpoto ndi kummwera kwenikweni, choncho mzere wowongoka umene mungajambule papepala kawirikawiri sukhala njira yachidule.

Kuti muone zimenezi ndi maso anu, tengani mapu obulungira ngati mpira, ikani ulusi pa London ndi kuukoka zolimba mpaka ku New York. Mudzaona kuti ulusiwo wadzera chakumpoto, pamwamba pa Ireland ndi kummawa kwa Canada. Mukauyeza ndi sikelo ya mapuwo mudzapeza makilomita pafupifupi 5,570. Ndimaikonda njira imeneyi chifukwa munthu amamvetsa chimene chikuchitika, osangolandira nambala.

Pa intaneti pali zida zowerengera zimene zimapereka yankho nthawi yomweyo. Lembanimo zilembo zitatu zoimira bwalo la ndege, zimene zimaperekedwa ndi bungwe la makampani a ndege la IATA, monga LHR ya bwalo la Heathrow ku London kapena JFK ya ku New York, m'malo mwa dzina la mzinda, popeza mizinda ikuluikulu ili ndi mabwalo angapo otalikirana. Kenako yang'anitsitsani muyezo umene yankho labwera nawo, pakuti apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka: mailo imodzi ya pamtunda ndi makilomita 1.609, pamene mailo ya panyanja, imene oyendetsa ndege amagwiritsa ntchito, ndi makilomita 1.852.

Ngati mzinda wina uli molunjika kumpoto kwa unzake, mungathe kuwerengera nokha, chifukwa digiri imodzi ya latitude (muyezo wa kutalika kwa malo kumpoto kapena kummwera kwa equator) ndi makilomita pafupifupi 111. Cairo ili pa madigiri 30 kumpoto kwa equator, Durban pa madigiri pafupifupi 30 kummwera, ndipo popeza Cairo ili molunjika kumpoto kwa Durban, mukachulukitsa madigiri 60 a pakati pawo ndi 111 mupeza makilomita oposa 6,600. Masamu amenewa sagwira pa mizinda yotalikirana kummawa ndi kumadzulo.

Nambala imene mwapezayo ndi mtunda wochepetsetsa umene ungatheke. Ndege imatsata njira zimene oyang'anira maulendo a mlengalenga aika, imalambalala mvula yamkuntho komanso mayiko amene atseka mlengalenga mwawo chifukwa cha nkhondo, motero imayenda mtunda wochulukirapo. Ngati mudzasintha ndege panjira, werengerani chigawo chilichonse pachokha ndi kuphatikiza.

Pofuna kuyerekezera nthawi ya ulendo, gawani mtundawo ndi 850, liwiro limene ndege zikuluzikulu zimayenda pa ola m'makilomita, kenako wonjezerani theka la ola la kunyamuka ndi kutera. Musadabwe mukapeza kuti kupita ndi kubwerera sikufanana ngakhale mtunda uli umodzimodzi. M'mwamba mwa nyanja ya Atlantic mumaomba mphepo yamphamvu yochokera kumadzulo, ndipo chifukwa cha mphepo imeneyi ulendo wochokera ku New York kupita ku London umafupika ndi pafupifupi ola limodzi poyerekeza ndi wochokera ku London kupita ku New York.