Kubwerekana galimoto yoyendetsera ndi manja pabanja

Galimoto ya kwathu ndi Toyota Sienta ya otomatiki. Bambo akunyumba miyendo yawo sigwira, choncho amayendetsa ndi manja okha. Kumanja kwa chiwongolero kuli chogwirira chachitsulo: akachikankhira kutsogolo galimoto imagwira buleki, akachikoka imapatsa moto. Dzanja lamanzere limakhala pa kachitsulo kobulungira komangidwa pa chiwongolero, kuti azitha kukhota ndi dzanja limodzi. Ine ndi mwana wathu wamkulu timayendetsanso galimoto yomweyi ndi miyendo, chifukwa zopondera zili pomwepo ndipo zimagwira ntchito bwinobwino.

Ngati inu muli ndi miyendo, yendetsani ndi miyendo basi. Chogwiriracho chisiyeni, musamayeserere pamsewu. Mwana akathamangira kutsogolo kwanu, thupi limachita zomwe linazolowera, ndipo munthu wosazolowera angakoke m'malo mokankha, galimoto n'kulumphira kutsogolo. Musanalize injini, khalani pampando muone ngati bondo silikugunda zitsulo zotsikira ku zopondera. Mwana wathu ndi wamtali, amatsitsa mpando. Chiwongolero chokha sachikweza kapena kuchitsitsa, poti chogwirira chinamangidwa molingana ndi pomwe chili. Kachitsulo kobulungira kathu kamachoka ukadina batani, ndiye timakachotsa, chifukwa kamakola mkono wa malaya pokhota.

Pobweza galimoto kwa bambo ndi pomwe ndimalimbikira kwambiri. Bambo amachoka pa njinga yawo ya olumala n'kusamukira pampando ndi mphamvu za mikono, ndipo mpando umayenera kukhala kumbuyo ndithu. Tinamata kapepala pa njanji ya mpando kuti aliyense azidziwa pobwezera. Bwezaninso magalasi, kachitsulo kaja, ndi kapeti ngati yakwinyika pansi pa buleki. Poimika, siyani mpata woti chitseko cha dalaivala chitseguke chonse njinga n'kufika pafupi. Mukaimika moyandikana ndi khoma, munthuyo mwamutsekera panja pa galimoto yake, mpaka akadzutse wina m'mawa kuti amusunthire. Malo a njinga kumbuyo musadzazemo matumba a makala. Mafutanso musabweze atatsala pang'ono kutha.

Tsiku lomwe bambo akupita kuntchito kapena kuchipatala, galimoto ndi yawo. Ife minibasi tingakwere, koma iwo kukwera minibasi ndi njinga ndi chintchito.

Anyamata otsuka galimoto ndi amakaniko muziwauza asanalowe kuti chitsulocho ndi cha chiyani, chifukwa ena amachigwira ngati potsamira. Misewu ya maenje imamasula mabawuti, ndiye chogwirira chikayamba kugwedera kapena buleki ikamachedwa kugwira, galimoto isatuluke mpaka amene anachimanga achione. A inshulansi auzeni kuti galimoto inasinthidwa, ndipo muwafunse ngati onse oyendetsa pakhomopo akutetezedwa.